Galu woopa mabingu ndi makombola: gwero la vutoli ndi chithandizo chake

Mvula yoyamba ikamayandikira m'mitunda ya ku Nzama, m'boma la Ntcheu, nthawi zambiri galu ndiye amayamba kudziwa mwini wake asanalabadire n'komwe za mitambo. Amaleka kudya, amazungulirazungulira pabwalo, kenako n'kukadzipanikiza kunsi kwa nkhokwe kapena kuseri kwa mtondo pakhonde. Bingu likagunda, ena amanjenjemera thupi lonse, ena amadula chingwe n'kulowera kuthengo. Anthu ambiri amangoseka, amvekere galu ameneyu ndi wamantha, wongotha nsima. Madokotala a ziweto amaliona mosiyana khalidweli. Kwa iwo ndi vuto la umoyo lomwe lili ndi zoyambitsa zake, limakula likalekereredwa, ndipo lili ndi chithandizo.

Zotsatira zake si zazing'ono. Galu amene wathawa ndi mantha amagundidwa ndi galimoto, amakodwa mumsampha, amakumana ndi fisi usiku. Akafika m'mudzi wachilendo ali wefuwefu, dovu lili chuchuchu, anthu amamuyesa wachiwewe n'kumugenda mpaka kufa. Amene walephera kuthawa amaluma dzanja limene likufuna kumukoka pomwe wabisala, ndipo kawirikawiri dzanjalo limakhala la mwana. Nayenso amene amaweta galu kuti azilondera pakhomo amapeza kuti mlonda wakeyo wasowa usiku wa chimvula, usiku womwe phokoso la malata limabisa mapazi a wakuba.

Phokoso lozolowereka ndi lodzidzimutsa

Nzama ndi dera lokwera la m'mapiri a Kirk Range, kufupi ndi malire a Malawi ndi Mozambique, pakati pa Angoni a Maseko. Limadziwika kwambiri chifukwa cha mishoni yoyamba yokhazikika ya Katolika m'dziko muno, yomwe amishoni atatu a chipani cha Montfort, Pierre Bourget, Auguste Prézeau ndi Antoine Winnen, adaitsegula mu Julayi 1901 m'dera la mfumu Njobvuyalema. Galu wa masiku amenewo ankadziwa mabingu, ng'oma, mthungululu ndi mfuwu wa alenje. Wa lero wawonjezeredwa zambiri: mvula ndi matalala pa denga la malata, chigayo cha dizilo, njinga zamoto za kabaza, zimkuzamawu za pa ukwati ndi pa msonkhano, komanso makombola omwe anyamata amabwera nawo kuchokera kutauni pa Khirisimasi ndi pa Chaka Chatsopano.

Si phokoso lililonse limene limaopsa galu. Pachigayo pamapezeka agalu atagona tulo tofa nato injini ili pakalapakala, ndipo belu la tchalitchi silidzutsa galu amene wakulira pafupi nalo. Maphokoso amenewa amabwera pa nthawi yodziwika, kuchokera pamalo podziwika, ndipo satsatidwa ndi choipa chilichonse. Bingu ndi khombola n'zosiyana nawo. Zimaphulika mwadzidzidzi, galu sadziwa kuti lotsatira libwera liti, ndipo m'dera la mapiri mkokomo umabwerera kuchokera mbali zingapo kotero kuti nyamayo imasowa kolowera. Bingu lapafupi limafika pa madesibelo 120, muyezo umene ngakhale khutu la munthu limayamba kumva kuwawa.

Khutu la galu lilinso ndi mphamvu yake. Munthu wachinyamata amamva mawu onjenjemera mpaka ka 20,000 pa sekondi imodzi, pomwe galu amafika pa 45,000 kapena kuposerapo. Kusiyanaku kuli pa mawu ang'onoang'ono, osongoka, monga kulira kwa khombola likamakwera m'mwamba kapena kung'ambika kwa mphenzi. Pa mawu akulu, ogunda pansipansi, galu ndi munthu sasiyana kwenikweni. Chimene chimachititsa kuti galu aoneke ngati wolosera mvula n'chakuti amaphunzira zizindikiro zotsogola: kusintha kwa mphepo, mdima wa mitambo, fungo la dothi lonyowa, ching'aning'ani chapatali. Akagwirizanitsa zimenezi ndi bingu, amayamba kuopa zizindikirozo pazokha. N'chifukwa chake galu amene chaka chatha ankaopa bingu lokha, chaka chino amanjenjemera ndi kamphepo ka madzulo, ndipo chaka chamawa angathawe ngakhale chitseko chitamenyetsedwa.

Zimene zimachitika m'thupi

Phokoso lodzidzimutsa likalowa m'khutu, uthenga umafika mwachangu pa kachigawo ka ubongo kotchedwa amygdala, komwe ntchito yake ndi kuchenjeza za ngozi. Thupi limatulutsa adrenaline, mtima umathamanga, magazi amakhamukira m'miyendo, ndipo pakapita mphindi zochepa michere ina yotchedwa cortisol imachuluka m'magazi. Zonsezi zimachitika popanda galuyo kusankha. Ndi dongosolo lomwelo limene limadumphitsa munthu akaponda chingwe mumdima n'kuchiyesa njoka.

M'chaka cha 2005, Nancy Dreschel ndi Douglas Granger a pa yunivesite ya Pennsylvania State ku America adayeza malovu a agalu oopa mabingu atawamvetsera mkokomo wojambulidwa. Cortisol adakwera ndi 207 peresenti, kutanthauza kuwirikiza pafupifupi katatu, ndipo patatha mphindi 40 anali asanabwerere mwakale. Adapezanso kuti agalu okhala ndi agalu anzawo pakhomo ankachira msanga kusiyana ndi okhala okha. Apa mpofunika kuti aliyense amene amakwapula galu wonjenjemera adziwe kuti akulanga nyama yomwe panthawiyo singathe kuphunzira kalikonse, kupatula kuti mvula imabwera pamodzi ndi chikwapu.

Zizindikiro zina n'zoonekeratu: kunjenjemera, kupuma mwawefuwefu kunja kukuzizira, kutuluka dovu, kupanira mchira pakati pa miyendo, kukanda chitseko mpaka zikhadabo kutuluka magazi, kudzikodzera. Zina n'zobisika, ndipo eni agalu ambiri sazizindikira: kuyasamula pafupipafupi, kunyambita milomo, kugonetsa makutu kumbuyo, kukana chakudya chimene amachikonda, kapena kungoti zii pamalo amodzi osasuntha. Galu amene wangoti zii amayamikiridwa kuti ndi wolimba mtima, chonsecho mwina ndiye amene mantha amuumitsa kwambiri.

Chifukwa chiyani ena okha?

Vutoli ndi lofala. Kafukufuku wa yunivesite ya Helsinki ku Finland, yemwe adasindikizidwa m'chaka cha 2020 atafufuza agalu oposa 13,700, adapeza kuti agalu 32 mwa 100 alionse amavutika ndi phokoso, ndipo 26 mwa 100 alionse amaopa makombola. Ku Britain, akatswiri a pa yunivesite ya Bristol adapeza mu 2013 kuti pafupifupi theka la eni agalu adatchula chizindikiro chimodzi kapena zingapo za mantha mwa galu wawo, koma mmodzi yekha mwa anayi alionse ndiye adavomera kuti galu wake amaopa phokoso. Ziwerengerozi n'za agalu a ku Ulaya ogona m'nyumba, komabe thupi la galu wachikuda wa ku Nzama limagwira ntchito mofanana ndi lawo.

Gawo lina la vutoli ndi lakumtundu. Make akakhala wamantha, ana ake ambiri amatengera, mwa magazi komanso mwa kuonera. Gawo linanso limachokera pa ubwana. John Paul Scott ndi John Fuller, omwe adaweta ndi kufufuza agalu kwa zaka zambiri ku Bar Harbor ku America n'kusindikiza zotsatira zake mu 1965, adaonetsa kuti pali nyengo yaifupi, kuyambira pa masabata 3 kufika pafupifupi 12 chibadwire, pamene kagalu kamalandira zachilendo mosavuta. Zimene kazolowera panthawiyi sizikaopsa kakakula. Nyengoyi ikadutsa, chachilendo chilichonse chimayamba kulandiridwa ndi chikayiko.

Tikayika mfundoyi pa kalendala ya kuno, tiona chinthu chochititsa chidwi. Mvula ya mabingu imagwa kuyambira Novembala mpaka chakumapeto kwa Malichi kapena Epulo. Kagalu kobadwa mu Disembala kamamva mabingu kali pamimba pa make, kakuyamwa ndi kusewera. Kobadwa mu Meyi kamatsiriza nyengo yake yophunzira m'chisanu, kumwamba kuli chete, ndipo kamadzamva bingu loyamba kali ndi miyezi 6, mwinanso katamangidwa kokha pamtengo usiku. Tiagalu togulitsidwa m'mbali mwa misewu ya Lilongwe ndi Blantyre timakhala pa chiopsezo china: timachotsedwa kwa amake tisanakwane masabata 8, kenako n'kutsekeredwa m'kanyumba usana wonse poganiza kuti tikatero tidzakhala tolusa. Galu woleredwa motere amakula asakudziwa dziko, ndipo ukali umene mwini wake amanyadira nthawi zambiri umakhala mantha ovala chikopa china.

Pamenepa galu wakumudzi ali ndi mwayi umene mnzake wa m'tauni alibe. Wa ku Nzama amayenda momasuka, amakula pakati pa ana, mbuzi ndi nkhuku, ndipo mitambo ikada amasankha yekha pobisala: kunsi kwa nkhokwe, m'khitchini yofolera udzu, pafupi ndi phulusa lofunda. Wa ku Area 25 kapena ku Chilomoni amakhala pa unyolo wa mita imodzi kapena m'kanyumba ka denga la lata lopanda chotchinga, momwe dontho lililonse limalira ngati ng'oma pamwamba pa mutu wake. Kulephera kuthawa ndiko kumasandutsa mantha wamba kukhala nthenda.

Pali choyambitsa china chimene chimaiwalika. Akatswiri a pa yunivesite ya Lincoln ku Britain adaonetsa mu 2018 kuti agalu omwe ali ndi ululu wa m'mafupa ndi m'minofu amayamba kuopa phokoso atakula kale, mochedwa ndi zaka pafupifupi 4 poyerekeza ndi anzawo opanda ululu. Galu akadzidzimuka amakunga minofu, malo owawa aja n'kubaya, ndipo iye amaganiza kuti phokosolo ndilo lamupweteka. Akulu adati galu wamkota sakandira pachabe. Galu wa zaka 7 kapena 8 amene moyo wake wonse wakhala akugona pakhonde mvula ikugwa, akayamba kuthawa mabingu chaka chino, afunika kupimidwa m'chiuno, m'mawondo, mumsana ndi m'makutu. Ululu ukachizidwa, mantha amachepa.

Mantha kapena chiwewe?

Funsoli ndi lofunika kwambiri m'dziko muno, momwe chiwewe chimaphabe anthu, makamaka ana. Zizindikiro zina zimafanana: dovu, maso otong'oka, kuthamanga mosadziwa kolowera, kuluma. Ndiponso galu wachiwewe amatha kudzidzimuka ndi phokoso kapena kuwala.

Kusiyana kwake kuli pa nthawi. Mantha amayamba ndi phokoso ndipo amatha phokosolo likatha. Pakapita ola limodzi kapena angapo galuyo amatuluka pobisala, amamwa madzi, amagwedezera mchira mwini wake. Chiwewe sichidikira mvula ndipo sichibwerera m'mbuyo. Galu amasintha khalidwe tsiku ndi tsiku, amaluma mitengo ndi miyala, mawu ake amasasa, chibwano chimalendewera, amalephera kumeza, miyendo yakumbuyo imafa, ndipo amamwalira pasanathe masiku pafupifupi 10 chiyambire zizindikiro. Dovu la galu wamantha limabwera chifukwa cha kupuma mothamanga, pomwe la wachiwewe limatuluka chifukwa kummero kwauma ziwalo.

Ngakhale zili choncho, munthu akalumidwa si nthawi yoyerekeza. Bala litsukidwe ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15, ndipo wolumidwayo apite kuchipatala tsiku lomwelo kuti achipatala aone ngati akufunika katemera. Galuyo atsekeredwe pamalo otetezeka kwa masiku 10 ndipo mlangizi wa ziweto wa m'deralo adziwitsidwe. Kumupha msanga kumachotsa umboni umene ukadathandiza. Chiwewe chikangoonetsa zizindikiro mwa munthu, sichichizika.

Katemera wa galu ndiye amachotsa nkhawa yonseyi. Bungwe la Mission Rabies litayamba ntchito yake mumzinda wa Blantyre mu 2015, lidabaya agalu oposa 35,000 m'masiku 20, cholinga chili kufikira agalu 70 mwa 100 alionse, chiwerengero chimene chimadula kufala kwa nthendayi. Galu wobayidwa, wokhala ndi chiphaso chake komanso lamba wa m'khosi wolembedwa nambala ya foni, akathawira kwa eni ake ena amakhala ndi mwayi wobwezedwa wamoyo.

Chithandizo cha pakhomo

Choyamba ndi pobisala. Galu aloledwe kugwiritsa ntchito malo amene wasankha yekha, bola akhale otetezeka, ndipo ana auzidwe kuti asamukoke kapena kumusuzumira ali mmenemo. Kumene kulibe malo otere, akonzedwe: sitolo, khitchini, kapena kakhonde ka m'kati mwa nyumba, kopanda zenera, koyalidwa chiguduli kapena bulangeti lakale. Kanyumba ka lata kangathe kufoleredwa udzu pamwamba kapena kuikidwa matabwa kunsi kwa denga kuti phokoso lichepe. Malowa akhale otsegula masiku onse, ndipo galu azidyera momwemo nthawi zina, kuti asamawaone ngati ndende. Wailesi yotsegulidwa pang'ono imathandiza kuphimba mabingu apatali.

Unyolo uchotsedwe. Galu womangidwa akachita mantha amadzipotokola mpaka kudzipachika, ndipo womangidwa pamtengo wautali kapena pa chitsulo cha mpanda ali pa ngozi yeniyeni ya mphenzi. Mtunda wa mphenzi umadziwika powerenga masekondi pakati pa kung'anima ndi kugunda: masekondi 3 ndi kilomita imodzi. Akamachepa, munthu ndi galu yemwe ayenera kukhala m'nyumba.

Pali chikhulupiriro chakuti kusisita galu wamantha kumamulimbikitsa kuopa. Umboni sukugwirizana nacho. Mantha si luso limene galu amachita kuti alandire mphotho. Ngati galu wabwera kudzatsamira pa mwendo wa mwini wake, asisitidwe modekha ndi kulankhulidwa ndi mawu otsika. Ngati wasankha kukhala yekha, asiyidwe.

Njira imene yaonetsa mphamvu kwambiri ndi yosavuta moti ena amaikayikira. Bingu likagunda, galu aponyeredwe kanthu kokoma nthawi yomweyo, kaya ndi usipa, kachidutswa ka nyama kapena chiwindi chowamba. Likagundanso, alandirenso. Pang'ono ndi pang'ono ubongo wake umasintha tanthauzo la phokosolo. Stefanie Riemer wa pa yunivesite ya Bern ku Switzerland adafunsa eni agalu oposa 1,200 za njira zimene adayesapo pa mantha a makombola, ndipo zotsatira zake za mu 2020 zidaonetsa kuti oposa 70 mwa 100 alionse amene adagwiritsa ntchito chakudya kapena masewera adaona kusintha. Mankhwala ogulidwa popanda kalata ya dokotala, monga a zitsamba ndi onunkhiritsa, adathandiza ochepa. Galu amene wafika pokana chakudya ndiye kuti mantha apyola muyezo, ndipo maphunziro ayenera kuyambira patali.

Kuyambira patali kumatanthauza kugwiritsa ntchito chilimwe. Kuyambira Meyi mpaka Okutobala, mwini galu angathe kuika mkokomo wa mabingu kapena makombola pa foni n'kuutsegula motsika kwambiri, mwakuti galu angotukula khutu koma osaleka kudya. Mphindi 5 patsiku n'zokwanira. Mawuwo akwezedwe pang'ono pakapita masiku angapo, ndipo galu akaonetsa kusakhazikika abwezedwe pomwe anali dzana. Kuthamangira kumawononga zonse. Foni siingatulutse kugunda kwa pansipansi kumene kumanjenjemeretsa nthaka, choncho njirayi imagwira bwino pa makombola kusiyana ndi mabingu. Kwa kagalu ka masabata ochepa, kungokazoloweza kulira kwa mapoto, njinga yamoto ndi chitseko kwinaku kakusewera kumathandiza kukateteza kakakula.

Choyenera kupeweratu ndi kumangirira galu pafupi ndi pophulitsira makombola kuti "azolowere". Ochepa amazoloweradi. Ambiri amatuluka ataonongekeratu.

Mankhwala

Galu amene amadzivulaza, kuswa mazenera kapena kuthawa mtunda wautali amafunika dokotala wa ziweto. Ku Lilongwe kuli chipatala cha bungwe la LSPCA, ku Blantyre kuli cha BSPCA, kuwonjezera pa zipatala za ziweto zomwe si zaboma. Kumadera monga Nzama poyambira ndi mlangizi wa ziweto kapena ofesi ya zaulimi ku boma la Ntcheu. Mankhwala ochepetsa mantha alipo. Ena mwa iwo ndi dexmedetomidine, wopaka m'nkhama, yemwe amagulitsidwa ndi dzina la Sileo ndipo adavomerezedwa ku Ulaya mu 2015. Mankhwala akale otchedwa acepromazine, omwe ankaperekedwa kwambiri m'mbuyomu, akatswiri ambiri sawalimbikitsanso pa vutoli chifukwa amafoola thupi mantha ali chikhalire, ndipo galu amangogona chigonere akumva zonse koma osatha kuthawa.

Mankhwala a anthu asaperekedwe mwachisawawa. Ibuprofen, yemwe ambiri amamudziwa kuti Brufen, amatupitsa zilonda m'mimba mwa galu ndi kuononga impso, ndipo paracetamol wopyola muyezo amaononga chiwindi. Mowa ndi chamba, zomwe ena amapatsa agalu, ndi poizoni kwa iwo.

Usiku wa makombola

Makombola ali ndi ubwino umodzi poyerekeza ndi mabingu: tsiku lake limadziwika. M'mizinda amaphulika pa chikondwerero cha Diwali mu Okutobala kapena Novembala, pa Khirisimasi, ndipo koposa zonse pakati pa usiku wa pa 31 Disembala, nyengo imene mabingu nawo ali pachimake. Pa masiku amenewa galu adye dzuwa lisanalowe, alowetsedwe pobisala pake kusanade, geti litsekedwe ndipo mipata ya kumpanda itsekedwe. Oyandikana nawo nyumba amene akufuna kuphulitsa angapemphedwe kunena nthawi yake.

Ngati wathawabe, kumusaka usiku womwewo ndi matochi ndi mfuwu kumangomuthamangitsira kutali. Galu wamantha amabisala m'ngalande, pansi pa milatho ing'onoing'ono, m'nyumba zosatha kumangidwa kapena m'munda wa chimanga, ndipo amayamba kuyenda m'bandakucha kukakhala bata. Pakhomo pasiyidwe madzi ndi chiguduli chake chogonera, geti likhale lotsegula pang'ono. Kumudzi uthenga upite msanga kwa nyakwawa ndi midzi yoyandikana, m'tauni upite pa gulu la WhatsApp la m'deralo ndi kwa alonda a usiku, ndipo unene momveka mtundu wa galuyo, kuti adabayidwa katemera wa chiwewe liti, ndiponso kuti womuona asamuthamangitse koma aimbe foni.